Chifukwa chake kachipangizo ka pa mbaula kanasiya kutchaja foni

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake kachipangizo kanu kosandutsa kutentha kukhala magetsi kanagwira masiku atatu okha pa mbaula, kenako zii. Mwati pamwamba pake palembedwa TEC1-12706. Vuto lagona pamenepo.

Kameneko ndi koziziritsira, kamene amaika m'timafiriji ting'onoting'ono. Mukatenthetsa mbali imodzi kamatulutsadi magetsi, poti m'kati mwake muli timiyala 254 ta bismuth telluride, tolumikizidwa ndi tizidutswa ta mkuwa pakati pa timatailosi tiwiri toyera. Timiyalato ndi tolimba, sitisungunuka mpaka kutentha kudutse madigiri 580 a Celsius. Chofooka ndi solder (chitsulo chofewa chomatira) yomwe yatigwira: mu tizipangizo tambiri totchipati imasungunuka pa madigiri 138 okha, pomwe moto wa makala umaposa pamenepo kutalitali. Ndipo timiyala tonseto talumikizana ngati mikanda pa ulusi umodzi, pakangoduka pamodzi basi, magetsi athera pomwepo. Kanga nditakatsegula ndinapeza timadontho ta solder tonyezimira titatuluka m'mbali, timiyala tina tikugwedera ngati mano a mwana. Zinandiwawa, ndinali nditakadikira mwezi wathunthu.

Gulani kolembedwa TEG, komwe ndi kopangidwira kutulutsa magetsi kuchokera ku kutentha, ndipo muone malire a kutentha amene wopanga walemba. Kabwino kamakhala ndi kansalu kopyapyala ka nickel pakati pa mkuwa ndi timiyala, koletsa mkuwa kulowerera m'timiyalamo n'kutiwononga.

Komabe ngakhale ka TEG kamatopa, makamaka ndi kuyatsa ndi kuzimitsa moto tsiku ndi tsiku. Mkuwa, tailosi ndi timiyala sizifutukuka mofanana zikatentha, choncho m'mawa uliwonse polumikizira pamakokeka, madzulo n'kubwerera, mpaka ming'alu. Taonani zombo za Voyager zomwe NASA, bungwe la ku America lofufuza za kuthambo, inatumiza m'mlengalenga mu 1977: zikupezabe magetsi mwa njira yomweyi, mwa zina chifukwa kutentha kwake sikukwera ndi kutsika ngati kwa mbaula.

Ndiye musakagunditse makala. Ikani chitsulo chochindikala pakati pa kachipangizoko ndi moto, mumange ndi mabawuti mofanana mbali zonse kuti kasapendekeke, chifukwa tailosi ija sichedwa kusweka. Mbali yozizira ndiyo anthu amainyozera, pomwe magetsi amabwera chifukwa cha kusiyana kwa kutentha kwa mbali ziwirizo. Akatswiri a ku yunivesite ya Trinity College Dublin ku Ireland atayesa ka TEG pa chitetezo mbaula ku Balaka, anaikako chitsulo chomwaza kutentha ndi kafani. Inu mukhoza kuyamba ndi kapoto ka aluminiyamu kosalala kunsi, kodzaza madzi, ndipo kasaphwe moto uli mkati.