Khoswe watentha thupi kapena wafunda?

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi kusekondale ina ku Ntcheu. Ndikufuna kufotokozera ana m'Chichewa za kafukufuku wa momwe matupi a tiana ta makoswe amasinthira usana ndi usiku. Ndalemba kuti: "Kutentha thupi kwa mbewa zazing'ono kumakwera usiku, kagayidwe ka chakudya nakonso." Kodi ndakhoza?

Yankho: Aphunzitsi, mwandipatsa funso lokoma. Choyamba chotsani mbewazo. Nyama imene asayansi amaweta pochita kafukufuku wotereyu ndi khoswe, Rattus norvegicus, ndipo mtundu woyera wotchuka wa Wistar unayambira ku Philadelphia, ku America. Mwana wa ku Ntcheu akamva zoti mbewa, maganizo ake athamangira kwa kapuku wa kumunda, ndiwo ya nsima. Khoswe sadyedwa. Lembani tiana ta makoswe.

Pamene pandiwawa kwenikweni ndi pa kutentha thupi. Mayi akafika kuchipatala nati "mwana watentha thupi", aliyense amadziwa kuti kunyumbako sikunagonedwe. Mawu amenewa ndi a matenda. Khoswe wamkulu amagona usana, thupi lake lili pa madigiri pafupifupi 37, ndipo usiku akamasakasaka chakudya limakwera kufika cha pa 38. Sakudwala ayi, ndi momwe analengedwera. Nanga tinenerenji kuti watentha thupi?

Mawu tili nawo kale: kufunda. Agogo anga ankandigwira pamphumi ndi kuseri kwa dzanja, akapeza kuti ndili bwino ankati, "Wangofunda uyu, kagoneni." Akati "watentha", amayi ankayamba kufunafuna chitenje choberekera. Madzi osamba khanda ndi ofunda, a tiyi ndi otentha. Ena amati kufunda kwa madzi ndi kufunda bulangete ndi mawu awiri ongofanana kamvekedwe. Ine ndimakana. Ndimaona ngati chofunda chimatchedwa choncho chifukwa chimafunditsa thupi, ngati muzu wake ndi umodzi. Koma omasulira a masiku ano, makamaka a timapepala ta zaumoyo, angogwira kutentha n'kumakuika paliponse, mpaka munthu wabwinobwino akumveka ngati wogwidwa ndi malungo.

Kwa tiana ta makoswe, kufunda kukukhala bwino koposa. Timabadwa topanda ubweya, maso otseka mpaka masiku ngati 14, ndipo patokha sititha kusunga kufunda. Kamodzi mukakapatula kamazizira msanga. N'chifukwa chake timaunjikana m'masa, kufunditsana, kudikira make. Mawu akuti masa musawataye, ndi omwe aja a m'mwambi wakuti mbewa zikachuluka siziika masa. Samalaninso ndi "kumakwera usiku": zimenezo ndi za khoswe wamkulu, ndipo tianato timazikhazikitsa bwino tikamayandikira kuleka kuyamwa, cha pa masiku 21.

Kagayidwe ka chakudya nako kasokera. Kugaya ndi kwa kuchigayo ndi m'mimba. Chimene asayansi amayeza apa ndi mpweya wa okosijeni umene kanyamako kakugwiritsa ntchito posandutsa chakudya kukhala mphamvu ndi kufunda. Ine ndinganene kuti kawotchedwe ka chakudya m'thupi. Mukafuna kuonjezera metabolizimu kuti ana asadzadabwe pamayeso, sindikuletsani, bola muyambe ndi Chichewacho.

Kusintha kwa usana ndi usiku kumeneku asayansi amakutcha circadian, mawu amene wasayansi Franz Halberg anapanga mu 1959 kuchokera ku Chilatini chotanthauza "pafupifupi tsiku limodzi". Wotchi ya m'thupi, imene ambiri akunena tsopano, ndaivomera, pakuti wotchi analowa kale m'Chichewa. Pabolodi mulembe chonchi: "Kufunda kwa thupi la khoswe ndi kawotchedwe ka chakudya m'thupi mwake zimakwera usiku n'kutsika usana, tiana take timayamba tadalira make ndi masa."