Ndikaimba gitala phewa limawawa: kodi ndingadzichize ndekha?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti waimba gitala kwa zaka zambiri, koma masiku ano akangoimba kwa ola limodzi, phewa ndi mkono wakumanzere zimayamba kuwawa. Mnzake wamuuza kuti asataye nthawi ndi madokotala, angophunzira kumvetsera thupi lake ndipo lidzadzichiza lokha. Akufunsa ngati zimenezi n'zoona.

M'bale wanga, mnzanuyo sananame zonse. Ululu wambiri wa oimba umachokera ku zizolowezi zimene mwiniwake sazionanso. Amene anatchukitsa mfundoyi ndi F. M. Alexander, katswiri wa zisudzo wobadwira ku Tasmania mu 1869. Mawu ake ankasasa akamalankhula pagulu, ndipo madokotala sanamuthandize kwenikweni. Atayamba kudziyang'ana pagalasi, anaona kuti akangotsegula pakamwa ankakokera mutu kumbuyo n'kupanikiza kholingo. Njira yake imaphunzitsidwa lero m'sukulu za nyimbo monga Juilliard ku New York.

Inunso yambani n'kudziona. Gwirani nsambo imodzi mopepuka kwambiri n'kuiliza. Idzalira mogontha. Wonjezerani mphamvu pang'onopang'ono mpaka mawu atamveka bwino, ndipo imani pomwepo. Mphamvu imene nsambo ikufuna ndi yomweyo basi. Ndikukhulupirira kuti mudzadabwa kuona mmene mumafinyira khosi la gitala ndi chala chachikulu, ngati kuti wina akufuna kukulandani. Akatumba amene amapinda zala mwamphamvu sali m'zalamo ayi, ali pakati pa chigongono ndi dzanja, ndiye mukamafinya mopitirira muyeso mkono wonse umalipira. Mukafika pamalo ovuta a nyimbo, dzifunseni: kodi ndikupuma? Kodi nsagwada zauma? Kodi phewa lakwera kufupi ndi khutu? Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, ndipo mukauweramitsa kwa ola lonse kuti muone zala, khosi ndi mapewa ndi zimene zimausenza. Muzipumanso kawirikawiri, musadikire kuti ululu ukukumbutseni.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mawu akuti "lidzadzichiza lokha". Ndimakonda kwambiri maphunziro omvetsera thupi ngati a Alexander, koma si mankhwala a matenda onse, ndipo mphunzitsi amene angakuletseni kupita kuchipatala mumusiye. Leon Fleisher, katswiri wa piyano wa ku America, anayamba kuvutika mu 1964 pamene zala ziwiri za dzanja lake lamanja zinkangodzipinda zokha. Linali vuto la mmene ubongo umalamulira akatumba, lotchedwa focal dystonia. Kwa zaka pafupifupi 30 ankaimba kwambiri nyimbo za dzanja lamanzere lokha, ndipo zina mwa zimene zinamuthandiza kuyambanso kuimba ndi manja onse ndi jakisoni wa Botox, mankhwala ofewetsa akatumba omangika. Kumvetsera thupi pakokha sikukanakwanira.

Choncho ngati zala zikuchita dzanzi, ngati ululu ukukudzutsani usiku, ngati dzanja likufooka kapena chala chikukana kumvera, pitani kwa dokotala kapena kwa katswiri wa fiziyo musanachedwe. Mutenge gitalayo popita, muimbe pamaso pake kuti aone yekha mmene mumakhalira ndi mmene mumaigwirira.