Mavoti akhale ndi tebulo lawolawo

Achimwene, mwafunsa ngati n'kokwanira kuika column ya mavoti pa tebulo la ma post mu database (mosungira deta ya pulogalamu yanu), n'kumangowonjezera 1 munthu akadina. Musatero. Nambala yokhayo siikuuzani amene wavota, ndiye munthu mmodzi atha kudina kakhumi inu osadziwa kanthu.

Pangani tebulo lina, likhale ndi post_id, user_id, value ndi nthawi yovotera. Value izikhala 1 (voti yokonda) kapena -1 (voti yosakonda) basi. Kenako ikani unique constraint pa post_id ndi user_id pamodzi (lamulo loletsa munthu mmodzi kukhala ndi mizere iwiri pa post imodzi), post_id ikhale patsogolo kuti index yomwe imabwera ndi constraint-yo, yofulumizitsa kusaka, izithandizanso powerenga mavoti a post imodzi. Musadalire kuzimitsa batani pa foni. Ineyo zinandionekera tikuyesa pulogalamu yanga ku Chibavi, netiweki ikuchita kukwawa: mnzanga anadina katatu poganiza kuti sizinapite, mavoti atatu onse n'kulowa, iye akuseka. Ndikanaika constraint, database ikanakana yokha.

Munthu akasintha maganizo, musalembe mzere watsopano, sinthani womwewo. Ngati database yanu ndi PostgreSQL, lamulo lochitira zimenezi ndi ON CONFLICT DO UPDATE, limene linabwera ndi version 9.5 mu 2016. Pa MySQL ndi ON DUPLICATE KEY UPDATE. Akabweza voti, fufutani mzerewo.

Chiwerengero chonse chisakuvuteni pakadali pano, SUM ya value (kuphatikiza ma value onse a post) ikukwanirani. Anthu akadzachuluka, ndi pomwe mudzaike column ya score pa post, yosinthidwa mu transaction imodzi ndi votiyo (kuti zonse ziwiri zitheke pamodzi kapena zilephere pamodzi). Apa ambiri amapunthwa: voti ikachoka pa -1 kupita pa 1, score imakwera ndi 2, osati 1.