Qubes OS yakhwima, koma yang'anani kaye laputopu yanu

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati ntchito yanu ndi yolandira zikalata kuchokera kwa anthu osawadziwa, ma PDF ndi mafayilo a Word, zina zobwera pa fulashi, ndipo mwamva kuti Qubes OS, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse ngati Windows koma yoika chitetezo patsogolo, yasintha moti munthu wamba atha kuigwiritsa ntchito. Laputopu yanu mwati ili ndi RAM ya 8 GB (RAM ndi malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwira pa nthawiyo). Yankho langa ndi lakuti Qubes yakhwimadi ndipo ntchito yanuyo ikuyenerana nayo, koma pa laputopu imeneyo mudzatopa nayo sabata isanathe.

Ndiyambe ndi mmene imagwirira ntchito, chifukwa vuto la RAM lichokera pomwepo. Amene anaiyambitsa, Joanna Rutkowska wa ku Poland, anavomereza chinthu chimene ambiri safuna kuchimva: pulogalamu iliyonse yaikulu ili ndi ming'alu, ndipo tsiku lina wakuba adzalowa ndithu. Ndiye m'malo molimbitsa chitseko chakumaso chokha, anagawa nyumba yonse m'zipinda zokhomedwa pazokha. Chipinda chilichonse ndi kompyuta yapayokha yoyenda pamwamba pa Xen, pulogalamu yolola makompyuta angapo ongoyerekeza kuyenda m'makina amodzi, ndipo amachitcha qube. Za kubanki m'chipinda chake, makalata a kuntchito m'chake, mapasiwedi m'chipinda chotchedwa vault chimene sichilumikizana ndi intaneti n'komwe. Ngakhale kadi ya Wi-Fi imakhala kwayokha mu sys-net, ndipo fulashi ija mukailowetsa imafikira mu sys-usb, osakhudza mtima wa makinawo umene amautcha dom0. Zenera lililonse limakhala ndi mtundu wake m'mphepete, lofiira, lobiriwira, lakuda, kuti maso akuuzeni komwe muli.

Chimene chikukhudza inu kwambiri ndi zipinda zotayika, ma disposable. Mwalandira PDF yokayikitsa, mumaitsegula m'chipinda chimene chimabadwa nthawi yomweyo n'kufafanizika mukatseka zenera. Ngati munali kachilombo, kapita nacho. Palinso njira yosandutsa PDF yachilendo kukhala yodalirika: imajambulidwa tsamba ndi tsamba m'chipinda chotayika, kwa inu kumabwera zithunzi za masambawo basi. N'chifukwa chake a Freedom of the Press Foundation anamanga SecureDrop Workstation yawo, imene atolankhani amatsegulira zikalata za anthu oulula zinsinsi, pamwamba pa Qubes.

Tsono zasintha n'zotani? Mtundu woyamba unatuluka mu 2012, ndipo kwa zaka zambiri munthu ankayenera kuzolowera kulemba malamulo mu terminal kuti achite ngakhale zinthu zazing'ono. Kuyambira 2018 ntchitoyi akuitsogolera ndi Marek Marczykowski-Górecki, ndipo kusintha kumene ine ndinakuona m'manja kunabwera ndi 4.2 mu Disembala 2023. Analembanso menyu ya mapulogalamu, chida chopangira qube yatsopano ndi chida cha ma update. Anaikamo Global Config, malo amodzi pomwe mumasankha chipinda chololedwa kulankhula ndi chinzake, zimene kale zinkafuna kusintha mafayilo pamanja.  Mtundu wa 4.3 wakonza chinthu chimene chinkanyong'onyetsa ambiri: zipinda zotayika tsopano zitha kudzutsidwiratu n'kumadikira, kuti mukadina fayilo isachedwe kutseguka. Kwa munthu wotsegula zikalata makumi angapo pa tsiku, chimenechi si chaching'ono. Munthu akamadikira nthawi yaitali amayamba kudumpha njira.

Ndikunena zimenezi chifukwa zinandichitikira. Tsiku lina ndili pa changu ndinatsegula fayilo yachilendo m'chipinda changa cha ntchito, poona kuti chotayika chichedwa. Palibe chinaoneka cholakwika, koma sindikanathanso kuchikhulupirira, moti ndinachifafaniza n'kupanga china. Kulakwa kunali kwanga. Ubwino wake, ndinataya chipinda chimodzi, kompyuta yonse inatsala bwinobwino.

Chimene sichinasinthe ndi njala yake ya makina. Eni ake amati RAM isachepere 6 GB, koma amalimbikitsa 16 GB ndi SSD ya 128 GB. Muwerenge nokha: musanatsegule kanthu, dom0, sys-net, sys-firewall ndi sys-usb zili kale m'maso, chilichonse chikudya gawo lake. Pa 8 GB mukatsegula msakatuli m'zipinda ziwiri, chachitatu chitha kuyamba kukana kudzuka, ndipo zotayika zodikira zija zimafunanso RAM yawo. Purosesa iyenera kukhala ya 64-bit ya Intel kapena AMD yokhala ndi VT-x kapena AMD-V, kuphatikizapo VT-d kapena AMD-Vi (luso la purosesa lolola kugawa makina m'zipinda), apo ayi kupatula kwa kadi ya Wi-Fi ndi USB kuja sikutheka. Batire limatha msanga, ndipo zipindazo sizigwiritsa ntchito mphamvu ya GPU, chida chofulumizitsa zithunzi, choncho zokonza mavidiyo ndi magemu muiwale. Misonkhano ya pa vidiyo imatheka, koma kamera ndi maikolofoni mumachita kuzipereka pamanja ku chipinda chofunikacho, zimene poyamba zimakwiyitsa kenako mumayamba kuzikonda.

Ndikanakhala inu ndikanatere. Ndikanaona kaye ngati laputopuyo imalola kuwonjezera RAM kufika 16 GB, chifukwa zina zinawotchereredwa pa bolodi. Kenako ndikanafufuza dzina lake pa Hardware Compatibility List ya Qubes, pomwe anthu amalemba zimene zinayenda ndi zimene zinakanika, makamaka Wi-Fi ndi kudzuka kwa makina akagona. Zikagwirizana, iyeseni pa disiki ina yapadera kwa milungu iwiri musanafafanize chilichonse. Musaiyese mkati mwa VirtualBox (pulogalamu yoyendetsa kompyuta yongoyerekeza mkati mwa inzake), siinapangidwire zimenezo, ndiponso kuikhazika pambali pa Windows pa disiki imodzi kumasiya mpata woti mbali inayo iwononge poyambira makina. Mukafuna kugula ina, pali makompyuta ovomerezedwa ndi a Qubes eni ake, monga ena a NovaCustom, Nitrokey ndi Star Labs.

Wina akuuzani kuti ingotengani Tails, pulogalamu inanso yoyendetsa kompyuta. Tails ndi yabwino, imayenda kuchokera pa fulashi pa laputopu yanu yomweyo, imadutsitsa zonse mu Tor, netiweki yobisa komwe muli pa intaneti, ndipo imaiwala zonse mukazimitsa. Kuyambira 2024 ili pansi pa Tor Project. Koma iyo ntchito yake ndi kubisa kuti ndinu ndani ndi kusasiya mapazi, pomwe nkhawa yanu ndi fayilo yoipa kufika pa zinthu zanu zina. Pakadali pano ikhoza kukugwirirani: idzutseni osalumikiza intaneti, tsegulani zikalata zokayikitsazo, zimitsani. Mukadzafika pa Qubes, Tor mudzaipeza momwemo kudzera mu Whonix, zipinda zodutsitsa intaneti mu Tor.

Mukadzakopera fayilo yoikira Qubes, musathamangire kuilemba pa fulashi. Tsimikizirani kaye siginecha yake, chizindikiro chakuti fayiloyo ndi yeniyeni, ndi kiyi ya mtundu umene mwakoperawo, imene nayo imatsimikizidwa ndi Qubes Master Signing Key, ndipo fingerprint (mndandanda wa zilembo ndi manambala ozindikiritsa kiyi) ya Master Signing Key imeneyo muifananize kuchokera m'malo angapo osiyana. Munditumizire dzina la laputopuyo ndi purosesa yake, tione limodzi ngati VT-d ilipo.