Bambo akufuna sukulu yathu ibale yunivesite: yankho kwa mayi a ku Katawa

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Katawa, konkuno ku Mzuzu. Anapempha kuti ndisatchule dzina lawo kapena la sukulu yawo, choncho ndizingoti Mayi. Bambo awo ndi mphunzitsi wopuma pantchito. Atalandira za penshoni anamanga midadada iwiri ya makalasi n'kutsegula sekondale ya pulaiveti, ndipo pano yatha zaka 15 ikuyenda bwino. Tsopano madalawo akuti nthawi yakwana yoti sukuluyo ibale yunivesite ya dzina la banja. Alongo awo awiri a Mayiwa avomera kale, moti wina wayamba kudzitchula kuti rejisitala. Funso lawo linali lotere: "Mabuku a ndalama ndimagwira ndine, ndipo tulo sindikutiona. Kodi ilipo yunivesite yoyambitsidwa ndi banja imene inakuladi n'kukhalitsa? Inakula bwanji? Kapena bambo akungolota?"

Mayi, bambo sakungolota ayi. Zilipo, ndipo ina ili pa Lilongwe pompa. Koma mukamva mbiri zake mwina muona kuti chimene chimakuza sukulu zoterezi n'chinthu chimene bambo, ndi alongo anu makamaka, sangachikonde.

African Bible College ya ku Area 47 inayambitsidwa ndi munthu ndi mkazi wake, amishoni a ku America, Jack ndi Nell Chinchen. Sanayambire kuno. Koleji yawo yoyamba anaitsegula mu 1978 ku Yekepa, m'dziko la Liberia, atakhala kale zaka zingapo akutumikira kumidzi ya dzikolo. Nkhondo ya pachiweniweni imene inabuka kumapeto kwa 1989 inadzachititsa kuti koleji ija itsekedwe, nyumba zake n'kuwonongeka. Ya ku Lilongwe inatsegulidwa mu 1991, m'nthawi ya Kamuzu, pamene munthu akati "yunivesite" m'Malawi muno amatanthauza University of Malawi basi. Ya ku Uganda inabwera mu 2005. Pambuyo pake mwana wawo Paul ndi amene anadzatsogolera ntchito yonse. Lero pamalo aja a ku Lilongwe pali chipatala, wailesi, ndi sukulu ya ana.

Werengani zaka zimenezi pang'onopang'ono. Kuchoka pa koleji yoyamba kufika pa yachiwiri panadutsa zaka 13, kufika pa yachitatu zinanso 14. Ndipo njerwa zake sizinagulidwe ndi fizi ya ophunzira yokha. Kumbuyo kwa banja lija kunali mipingo ndi anthu akufuna kwabwino a ku America amene ankasonkha chaka ndi chaka. Funso loyamba loti mukawafunse bambo ndi lomweli: kumbuyo kwathu kuli ndani? Akati "fizi", dziwani kuti udindo wonse ukugwera inu ndi mabuku anuwo.

Ndikumvetsa chimene chikuwakoka. Chaka chilichonse ana ochuluka amakhoza MSCE ndi makirediti 6, Chingerezi chili momwemo, koma mayina awo osatuluka pa mndandanda wa opita ku mayunivesite a boma. Mzuni inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1997, n'kuyamba kuphunzitsa mu 1999 m'nyumba zimene kale zinali koleji ya aphunzitsi ku Luwinga. MUST inatsegula mu 2014. University of Malawi inagawidwa mu 2021. Malo awonjezeka, koma ofuna malo awonjezeka koposa. Bambo amawaona ana amenewa tsiku ndi tsiku, ena anawaphunzitsa okha, akungozungulira pa depoti ndi masetifiketi abwino m'nvulopu. Mtima wa mphunzitsi sungapirire zimenezo. Msika ulipo, sindikutsutsa.

Kungoti msika si umene umasunga sukulu mwini wake akatsikira kuli chete.

Apa ndikhalitse pang'ono pa nkhani ya Stanford, ya ku California, chifukwa ndi yunivesite ya banja yodziwika kuposa zonse ndipo inadutsa m'mavuto onse amene inu mukuopa. Leland Stanford anali mpondamatiki wa za njanji, anakhalaponso bwanamkubwa wa California. Mwana wawo mmodzi yekhayo anamwalira ndi tayifodi mu 1884 ali ndi zaka 15, ndipo iye ndi mkazi wake Jane anamanga yunivesite yomukumbukira. Inatsegulidwa mu 1891, ophunzira osalipira fizi. Patangotha zaka ziwiri, mu 1893, Leland anamwalira. Chuma chake chinamangidwa kukhoti, boma la America n'kusumira chuma cha masiyecho kuti likufuna madola 15 miliyoni a ngongole za njanji. Yunivesite ya munthu wolemera choncho inatsala pang'ono kutsekedwa. Inapulumuka chifukwa khoti linkalola mayi wamasiyeyo kutapa ndalama zoyendetsera pakhomo mwezi uliwonse, ndipo mapulofesa anawerengedwa ngati antchito ake apakhomo kuti azilandirako malipiro. Tangoganizani, pulofesa kukhala gulu limodzi ndi wophika ndi wakudimba. Mlandu unatha mowakomera mu 1896, komabe mu 1897 mayiyo anapita mpaka ku London kukayesa kugulitsa zibangili ndi mikanda yake yamtengo wapatali kuti apeze zothandizira sukuluyo.

Mpaka apa ndi nkhani yokoma, ya mayi wolimba mtima. Koma mayi yemweyo mu 1900 anakakamiza mkulu wa yunivesite kuchotsa pulofesa Edward Ross chifukwa sankakondwa ndi zimene ankalankhula pagulu pa nkhani za ndale ndi za chuma. Aphunzitsi ena angapo anachoka naye limodzi, ndipo dzina la sukulu linada. Kwa Jane zinali zomveka: ndalama ndi zanga, dzina ndi la mwana wanga, bwanji ndizilipira munthu wondinyoza? Mu 1903 anapereka mphamvu zake m'manja mwa bodi ya matrasitii, ndipo anamwalira mu 1905. Stanford imene timaimva leroyi inakula m'manja mwa anthu amene sanali a magazi a Stanford. Banja linatsalira pa dzina ndi pa chiliza.

Zoterezi ndinazionapo ndi maso anga, pa mlingo wathu wa kuno. Zaka zingapo zapitazo ndinkagwira ganyu yophunzitsa madzulo pa koleji ina ya banja m'tawuni muno. Mwini wake anali munthu wabwino, wokonda maphunziro. Wosunga ndalama anali mayi akunyumba kwake, ndipo buku la malisiti linkakhala m'chikwama chawo cha m'manja, pamodzi ndi buku la nyimbo ndi makiyi a kunyumba. Akapita kumaliro, tsiku limenelo palibe wolipira fizi. Mwezi wina wa June, nthawi ya kamvula kathu kosaleka kaja, ndinakwera kabaza katatu konse kukafunsa malipiro, nsapato zili matope okhaokha. Ulendo wachitatu mlonda ndi amene anandiuza zoona: abwana onse ali kumudzi, akumanga chiliza cha agogo. Fizi ya teremu imeneyo inagula simenti ndi ng'ombe. Palibe anaba. M'maganizo mwawo thumba linali limodzi.

Chimene chimandiwawa mpaka lero si malipirowo. Kumapeto kwa chaka mdzukulu wa mwini sukulu analephera phunziro langa ndi malikisi 4. Foni inalira usiku. Mawu ake anali ofatsa kwambiri: "Aphunzitsi, mwanayu mumuone bwino." Ndinamuona bwino. Ndinali ndi lendi yoti ndilipire, ndipo kunalibe komiti, kunalibe woyesa mayeso wochokera kunja, kunalibe aliyense woti ndikabisale kumbuyo kwake. Ku sekondale vuto limeneli simuliona, Mayi, chifukwa mayeso amachokera ku MANEB ndipo amakachongedwa kutali ndi anthu amene bambo sawadziwa. Pa yunivesite mayeso mumalemba nokha, kuchonga nokha, digiri n'kusindikiza nokha. Chimene mukugulitsa ndi chikhulupiriro chakuti pepala lanu silinama. Foni imodzi ya usiku ikadziwika m'tawuni yaing'ono ngati Mzuzu, mapepala a ana onse amatsika mtengo, ngakhale a amene anakhetsa thukuta.

N'chifukwa chake sindidabwa kuti mayunivesite ambiri a pulaiveti amene azika mizu m'dziko muno ndi a mipingo. Catholic University inatsegula ku Nguludi mu 2006. Kwathu kuno, University of Livingstonia (Unilia) inayamba mu 2003, koma maloto ake ndi akalekale. Robert Laws anakhazikitsa sukulu yake ya pa Khondowe mu 1894 ali ndi masomphenya oti idzakhale yunivesite. Anachoka m'dziko muno mu 1927, anamwalira mu 1934, osaiona. Zinatenga zaka 109 kuchokera pa Khondowe paja. Malotowo sanafe naye chifukwa anali m'manja mwa mpingo, ndipo sinodi siimwalira. Imakangana, inde, nthawi zina mokweza mpaka m'manyuzipepala, koma mlembi wamkulu akachoka amasankha wina, malo ndi nyumba zili pomwepo. Banja likataya mutu wake, zimene zimatsatira tonse timazidziwa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati munthu akamwalira wopanda wilo, chuma chake chigawidwe kwa mkazi, ana ndi ena amene ankadalira iye. Sukulu ikakhala m'dzina la bambo, ndiye kuti laibulale ndi chuma cha masiye. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma sindinaonepo fupa likulipira aphunzitsi pamene abale ali kukhoti.

Za boma ndingodutsamo mwachidule, poti mukapita ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, akakupatsani mapepala ake. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011. Kulembetsa sukulu n'kwina, kuvomerezedwa kwa maphunziro ake n'kwinanso, ndipo makolo ochenjera masiku ano amafunsa zonse ziwiri. Amadzayendera malo, kuona mapepala a aphunzitsi, mabuku, makompyuta, ndi mmene sukulu ikulamulidwira. Popanda chivomerezo chawo ana anu sangapeze ngongole ku bungwe lobwereketsa ophunzira ndalama, ndipo akamaliza, olemba ntchito ambiri pepalalo amangoliyang'ana n'kuliika pambali. Mukafuna za unamwino, palinso khonsolo ya anamwino ndi azamba yoti ikuvomerezeni. Pa mabuku anuwo muikepo kuti zinthu zambiri za yunivesite, monga makompyuta, intaneti, mabuku ndi zipangizo za labu, mtengo wake umatsata dola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, makolo sanalemere ndi 44 peresenti. Ndipo moto umene unapsereza laibulale ya Mzuni mu December 2015 unationetsa kuti ngakhale sukulu ya boma imatenga zaka kuti idzuke pa ngozi yotere. Ya banja ingadzuke ndi chiyani?

Aphunzitsi nawo ndi nkhani. Anthu a masitazi ndi a udokotala m'Mzuzu muno si ambiri, ndipo ochuluka ali kale ndi ntchito ku Luwinga kapena ku Unilia. Mudzawapeza a ganyu, ngati mmene ndinalili ine, ofika 5 koloko atatopa, ochoka belu lisanalire. Mungayambe nawo, koma simungamange nawo sukulu.

Ndiye mukawauze chiyani bambo? Ine ndikanati ayambe mochepa kuposa mmene mtima wawo ukufunira. Patrick Awuah wa ku Ghana anasiya ntchito ku Microsoft n'kutsegula yunivesite ya Ashesi mu 2002 ndi ophunzira 30 okha, m'nyumba ya lendi ku Accra. Anasamukira pamalo awoawo ku Berekuso mu 2011, ndipo chilolezo chodziimira paokha anachilandira mu 2018, patatha zaka 16. Zaka zonsezo madigiri ankatuluka mothandizidwa ndi mayunivesite akuluakulu a boma. Munthu amene anali ndi ndalama za Microsoft m'thumba anadekha choncho. Inu mungayambe ndi dipuloma imodzi kapena ziwiri pa zimene bambo amazidziwa bwino, mwina za uphunzitsi, kapena maphunziro a ntchito zamanja kudzera ku TEVETA, n'kuona ngati ana a ku Karonga, ku Chitipa ndi ku Nkhata Bay akubweradi ndi fizi m'manja.

Koma sekondale ija musaipereke chikole kubanki chifukwa cha yunivesite. Ndi imene ikudyetsa banja. Kolejiyo ikhale ndi malo ake, akaunti yake, ndi trasiti yake yolembetsedwa mwalamulo, bambo adakali moyo ndi mphamvu zosainira. M'bodi mukhale anthu akunja ochuluka kuposa a pabanja, anthu oti angathe kuuza madala kuti ayi n'kugona tulo. Akalembenso wilo. Ndikudziwa kuti kwathu kuno kuuza kholo za wilo kuli ngati kulilodza, ndiye mwina mudutsire kwa abusa kapena kwa mnzawo amene amamumvera. Banja lizilandira lendi ya nyumba zake ngati zilipo, dzina likhale pachipata, mpando umodzi kapena iwiri m'bodi. Za malikisi, za kulemba ndi kuchotsa aphunzitsi, asazikhudze n'komwe.

Inunso, Mayi, zikukukhudzani. Ngati mudzakhale wosunga ndalama za kolejiyo, mabuku anu aziwerengedwa chaka chilichonse ndi akatswiri akunja amene si anzanu a kutchalitchi.

Za alongo anu a rejisitala aja, ntchitoyo ilengezedwe m'nyuzipepala ngati ntchito ina iliyonse. Alembe kalata, aphatikize mapepala awo, adzakhale pabenchi limodzi ndi ena ofunsira, ndipo tsiku la mafunso bambo akapite kumunda. Akapambana alembedwe. Mukadzandilemberanso mudzandiuze kuti pabalaza panali bwanji mutanena zimenezi.