Kodi Masongola inali kambi ya asilikali? Kuyankha mayi wa ku Lilongwe

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Mwana wawo akumaliza maphunziro ku Chanco, banja lonse likubwera ku Zomba kudzaonerera mwambo, ndipo iwo akufuna kudzagona ku Hotel Masongola. Koma bambo akunyumba akuti toto. Akuti nyumba imeneyo inali kambi ya asilikali a atsamunda, anthu ankazunzidwiramo, munthu wopemphera sangapezemo tulo. Funso lawo ndi lalifupi: "Kodi ndi zoona?"

Mayi, mwandiponda pachilonda, ndiye mundipirire, ndilankhula zambiri.

Kambi ya asilikali ku Zomba ilipo, koma si imeneyo. Ndi Cobbe Barracks, kumunsi kuja mukamalowa m'tauni kuchokera ku Blantyre. Masongola ili kumtunda, m'tsinde mwa phiri, pafupi ndi mtsinje wa Mulunguzi. Anaimanga ndi John Buchanan, Msikochi amene anabwera ndi mishoni ya Blantyre mu 1876 kenako n'kuyamba kulima khofi kuno. Ntchito inayamba mu 1886, ndipo inali nyumba ya kazembe wa Britain, bambo Hawes. Mu 1891, dziko lino litakhala pansi pa Angerezi, analowamo ndi Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda. Nyumba ya abwanamkubwa imene lero timati State House inadzabwera pambuyo, mu 1901. Masongola inadzakhala Government Hostel, kogona alendo a boma ndi aphungu akabwera kudzakumana ku nyumba ya malamulo, kenako n'kusanduka hotela.

Komabe bambo akunyumbawo musawaseke. Munalibe mabedi a asilikali, inde, koma mwini nyumbayo ndiye ankatuma asilikali. Johnston anaitanitsa Asikh kuchokera ku India, n'kuwonjezera Amakua ndi Atonga, ndipo gulu limeneli ndi limene linamenyana ndi Makanjira kunyanja, Kawinga ku phiri la Chikala, Jalasi cha ku Mangochi, mpaka Mlozi ku Karonga, amene anapachikidwa mu 1895. Mabuku a kusukulu ankatiuza kuti zonsezi zinali zothetsa malonda a akapolo. Mbali ina ndi zoona. Koma asilikali omwewo ndi amenenso ankaonetsetsa kuti msonkho wa nyumba ukuperekedwa, ndipo mudzi wokana unkaona utsi. Ndiye munthu akanena kuti nyumba ija ikununkha wonga, sindingamutsutse kwenikweni.

Chimene chandiwawa ndi china. Agogo anga aamuna, bambo a mayi anga, anali msilikali wa King's African Rifles (KAR), gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902. Anawatenga akadali mnyamata pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, n'kukwera nawo sitima mpaka ku Burma. Anabwerako ndi khutu limodzi logontha ndi mamendulo amene ankawasunga m'kachitini ka tiyi, atawakulunga m'kansanza ka chitenje. Novembala akamayandikira ankakhala pakhonde n'kumawakwecha ndi phulusa ndi ndimu, ine n'kumagwirizira kachitini. Tsiku lokumbukira ankhondo likafika ankavala jekete lawo limodzi lija, lothina kale m'mapewa, n'kupita ku chipilala cha KAR, chanjerwa zofiira chokhala ndi wotchi chija, pafupi ndi Cobbe. Ankaima chilili dzuwa likuswa mtengo, osapukuta ngakhale thukuta.

Koma tikakwera kumtunda, kudutsa pa geti la nyumba imene mukufunsayi, ankavula chipewa n'kufulumiza mwendo. Azungu anali atapita kalekale, mbendera itasintha mu 1964, koma iwo miyendo inkakumbukirabe. Ndinawafunsa kuti, "Agogo, munalowamo m'menemo?" Anangoti, "Mwana iwe, ife kwathu kunali kuseri." Munthu amene anakagona m'matope a ku Burma chifukwa cha mfumu ya eni nyumbayo, khomo lakumaso sanaliponde mpaka kumwalira.

N'chifukwa chake ndikamva munthu akuti tisagonemo, mtima umandinyamuka. Tisagonemo chifukwa chiyani? Kuti tipitirize kuvula chipewa pa geti? Ine ndikuti lowani. Lowerani kumaso, khalani pakhonde, itanitsani tiyi, mwana wanu ajambulitse atavala gauni lake kutsogolo kwa nsanja zosongoka zija. Njerwa zimenezo anaumba ndi kusenza ndi anthu a kuno, mayina awo sanalembedwe paliponse. Ngati pali woyenera kugona m'nyumba imeneyo, ndi adzukulu awo.

Ndipo tinene chilungamo: nyumba zakale zimene sizinapeze ntchito yatsopano zatha. Johnston ndi anzake anamanga malinga a nkhondo ambiri: Fort Johnston, Fort Maguire, Fort Anderson, Fort Lister. Amenewo ndiye anali a asilikali enieni. Pitani ku Fort Lister, pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, mukapeza zidutswa za makoma m'tchire basi. Nyumba imafuna munthu wosesa, woona pamene denga layamba kudontha, wothira mankhwala chiswe chisanakwere. Mlendo wolipira chipinda ndi amene amagula malata, ngakhale iye sadziwa. Ena amati kusandutsa nyumba ya mbiri kukhala malo ogona ndi kumwera mowa n'kuinyoza. Ine ndimakana. Kunyoza ndi kuisiya kuti mleme ndi kadzidzi zigawane zipinda, monga zikuchitikira ndi nyumba zina kumtunda komweko chichokereni likulu kupita ku Lilongwe mu 1975, aphungu n'kutsatira pambuyo pa 1994. Inu a ku Lilongwe munatenga zonse n'kutisiyira makoma, tsono bwerani mudzatithandize kuwasamala.

Pamene ndimadandaula ndi ife eni tauni. Mwana wa sekondale kuno angakutchulireni Emperor's View pamwamba pa phiri, kuti Haile Selassie anaimapo mu 1965, koma mufunseni kuti Cobbe anali ndani. Alexander Cobbe anali mkulu wa asilikali wachingerezi amene analandira mendulo ya Victoria Cross mu 1902 ku Somaliland, akutsogolera asilikali ochokera kuno. Dzina lake lili pa geti mpaka lero. Anyamata amene anagwa pambali pake, ndani angawatchule? John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu 1914 kudandaula za magazi a anthu akuda amene ankakhetsedwa m'nkhondo za eni, ndipo pasanathe miyezi itatu anaukira. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya chiwaya ija, inameza amtengatenga ochuluka, osenza katundu wa asilikali mpaka ku Tanganyika, opanda yunifolomu, opanda mendulo. Ngakhale beni amene timavina pa zisangalalo, wa mayunifolomu ndi kuguba uja, anachokera ku perete wa asilikali omwewa. Timavina mbiri yathu osaidziwa. Pamene mbiri siikambidwa, m'pamene nkhani za mizukwa zimamera, ndipo bambo akunyumbawo angotola zimene anapeza.

Tsono mugone kapena ayi?

Gonani. Imbani foni msanga chifukwa nthawi ya graduation zipinda mu Zomba zimatha ngati makeke a pa ukwati, ndipo mufunsiretu ngati chipinda chanu chili m'nyumba yakale kapena m'zipinda zowonjezera. Tengani majuzi, m'tsinde mwa phiri mumazizira usiku. M'mawa muyende wapansi ku Botanical Gardens, ndi pafupi pomwepo. Pobwerera muime pa chipilala cha KAR, bambo akunyumba akaone okha kumene kunali asilikali, koma foni isaloze ku geti la Cobbe, kumeneko sajambula.