Kwa achemwali ofunsa za sewero la bambo oiwalaiwala

Achemwali, mwafunsa ngati za m'sewero la pa TV lija, za bambo wosakalamba amene akuiwala banja lake, zimachitikadi, poti amayi anu a zaka 58 ayamba kuthira mchere kawiri m'ndiwo ndipo akumudzi akuti alodzedwa. Zimachitika ndithu. Ine ndazionera pafupi kuno ku Mufakose, mu Harare, pa achimwene anga.

Madokotala amati dementia, kutanthauza kuwonongeka kwa ubongo koiwalitsa munthu, ndipo imatha kuyamba munthu asanafike zaka 65. Mayi amene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anamuona mu 1901, uja anachititsa kuti matendawa adziwike, anali ndi zaka 51 zokha. Ndiye zoti ndi za agogo okhaokha zisiyeni.

Sewerolo nanenso linandiliza, koma muli ukhondo wambiri. Uko bambo akaiwala dzina la mkazi wake, kanyimbo kachisoni nkuyamba. Kwathu zinayambira pa ndalama ndi pa ntchito. Achimwene anali telala ku Mbare, munthu woti akangokuyang'ana wadziwa kale muyezo wa chiuno chako. Ali ndi zaka 56 anayamba kudula mikono iwiri ya kumanzere pa malaya amodzi. Kasitomala akalipira, iwo nkumubwezera chenji choposa zimene wapereka. Ife tinkati ayamba kumwa mobisa. Alamu anga mpaka anasecha foni, ati kuli mkazi wina akudya ndalama. Zaka ziwiri zinathera m'mikangano. Kwa sing'anga tinapita, ku masowe, kumapemphero a apostoli, tinapita, mbuzi nayo inapita.

Chimene chimandiwawa ndi kuchedwa kwathu kupita kuchipatala. Si kuiwala konse kumene kuli matenda a Alzheimer. Kuchepa kwa vitamini B12, chithokomiro chosagwira bwino ntchito, chindoko chokhalitsa m'thupi, HIV yosalandira mankhwala, ngakhale kuvutika maganizo, zonsezi zimasokoneza mutu, ndipo zili ndi thandizo. BP ndi shuga nazo zimabweretsa timasitiroko tating'ono timene timawononga ubongo pang'onopang'ono. Yambirani ku kiliniki ya khonsolo, akulembereni kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe, kumene tonse timangoti ku Gomo. Mutenge kope lolembamo zimene amayi akhala akuchita ndi masiku ake, chifukwa pamaso pa adokotala odwala amachangamuka, inu nkuoneka ngati wabodza. Achimwene anawapatsa mankhwala otchedwa donepezil. Sachiza, anatiuziratu, amangothandiza kwa kanthawi.

Koma chimene sewero la kunja silingakuonetseni ndi ichi. Achimwene anachoka ku Dedza ali mnyamata, Chishona ankachilankhula ngati mwana wa ku Murehwa. Panopa chikuthawa. Chatsala ndi Chichewa cha kumudzi, ndipo ana awo obadwira kuno amangomva mawu awiri atatu. Mwana wawo wamkazi amandiimbira usiku kuti, "Tete (azakhali m'Chishona), akuti chiyani apa?" Dzuwa likamalowa amamanga katundu m'chikwama, ati akukakwera basi yodzera ku Nyamapanda, amayi akuwadikira. Amayiwo tinaika kalekale. Poyamba tinkawauza zoona, iwo nkulira ngati uthenga wa maliro wafika lero. Tsiku lililonse maliro atsopano! Tinaleka. Pano timangoti, "Basi ya lero yapita, achimwene, idyani kaye nsima, tinyamuka mawa." Amakhala pansi, nkusamba m'manja.

Za ufitizo musazitenge mopepuka. Tsiku lina m'bandakucha anatuluka osatsazika, anawapeza pakhomo pa eni, mizere itatu kuchokera kwathu, atavala vesiti ndi kabudula wamkati basi. Anthu anali atasonkhana kale, mawu oti muroyi, mfiti m'Chishona, akumveka, mnyamata wina atatola mwala. Anawapulumutsa ndi mayi wogulitsa tomato amene anawazindikira kuti ndi telala uja anasokera ana ake mayunifolomu. Mpaka lero ndikaganiza mimba imanditentha. Ndiye manyazi ikani pambali, auzeni aneba, a kutchalitchi ndi a ku sosaite ya maliro kuti amayi akudwala, adziwe zisanachitike.

Za kubanki, pini ya EcoCash (ndalama za pa foni) ndi mapepala a nyumba, khalani pansi ndi amayi mukonze panopa akadali otha kunena zofuna zawo. Ndipo musasenze nokha, gawanani masiku ndi abale anu. Alamu anga anatsala pang'ono kugwa ndi BP.

Ife tinalemba nambala ya foni pa tinsalu toyera nkusokerera mkati mwa kolala ya malaya awo onse. Tinasokera pa makina awo omwe a Singer aja. Masana timawachotsera singano nkuwapatsa zigamba, amatha ola lathunthu akupalasa, phazi likuyenda bwinobwino ngati kale. Mukafuna kudzaona mmene tinakonzera chitseko ndi mbaula, ndilembereni ku inbox, Loweruka ndimakhala ndili konko.